Mipando yachikopa ndi mchenga wa kunyanja kuno

Anzanga a galimoto kuno ku Salima, mtima umandipweteka ndikaona galimoto yabwinobwino mipando yake yachikopa itang'aluka ngati nthaka ya kudambo mu Okutobala. Dzuwa timalidziwa tonse, koma mchenga ambiri timauiwala.

Ana akachoka kosambira ku Senga Bay n'kukwera, timchenga timalowa m'misoko, ndipo munthu akakhala timapala chikopa pang'onopang'ono. Choncho musanakhudze madzi, yambani mwachotsa mchengawo ndi kabulashi kofewa, uku mukukanula misoko ndi zala. Mukapukuta mchenga ukadalipo, ndiye kuti mukukanda nokha mpandowo.

Kenako viikani kansalu kofewa m'madzi ofunda a sopo wosambira pang'ono, mukafinye mpaka kasiye kudontha, mupukute, n'kuumitsa ndi nsalu ina. Sopo waufa wochapira zovala ndi palafini, chonde ayi, zimayerula utoto n'kuumitsa chikopa. Mafuta ophikira amanyezimiritsa lero lokha, mawa fumbi lonse lakakamira pomwepo, zovala nazo zathimbirira.

Mafuta osamalira chikopa enieni, a m'mashopu a zipangizo za galimoto, muzipaka pakatha miyezi itatu, makamaka kutentha kusanafike. Yambani mwayesa pamalo obisika.

Poimika funani mthunzi, ukasowa yalani chitenje pamipando. Chambo chimene mwagula m'mbali mwa msewu wa M5 chimangirireni kunja pagalasi monga timachitira, chifukwa madzi ake akadutsa m'misoko n'kulowa m'siponji, fungo limakhala miyezi.