Momwe mungakonzere thanki yatsopano musanaikemo nsomba ngakhale imodzi

Ife kuno ku Mangochi nsomba timaidziwira pamakala ndi mumphika, ndiye anthu amaseka akapeza thanki yagalasi pabalaza, madzi tho, nsomba mulibe, mwezi wathunthu. Alamu anga atabwera kuchokera ku Namwera anaizungulira kawiri konse, kenako n'kufunsa ngati nsombazo zathawira mu Shire. Asiyeni aseke, koma mwezi umenewo musaudumphe. Ine ndinaudumpha, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kunakwiriridwa mbuna 6, tinsomba tamitundu yowala ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi.

Nsomba imatulutsa amoniya ikamapuma komanso m'ndowe zake. M'nyanja madzi ndi ochuluka, amoniyayo amangosungunukira m'menemo, koma mu thanki ya malita 100 alibe kolowera ndipo amapha. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya amitundu iwiri. Oyamba, a Nitrosomonas, amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni. Achiwiri, a Nitrospira, amasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe nsomba zimamupirira bola asachuluke. Mabakiteriyawa amamatirira pa siponji ya mufyuluta (kachipangizo kosefa madzi a m'thanki), pamiyala ndi pamchenga. Ntchito yonse ndi yowaweta iwowa kaye nsomba zisanabwere, ndipo kawirikawiri imatenga masabata 4 mpaka 6.

Choyamba dzazani thanki, ikani mchenga ndi miyala, yatsani fyuluta ndipo isazimenso. Ngati thankiyo akupangirani ndi mmisiri wa magalasi, mufunseni silikoni amene wamatira. Wa kubafa uja wolembedwa kuti amateteza nkhungu ali ndi mankhwala opha nsomba, ndipo ena amangomata yemweyo chifukwa ndi amene ali naye pafupi. Madzi a pampopi ali ndi kolorini, amene amapha mabakiteriya omwe mukufunawo, ndiye donthezanimo mankhwala ochotsa kolorini. Ena amatunga a m'nyanja poti ndi aulere. Ine sindifuna, amabwera ndi tinkhono ndi zina zosaoneka. Hita yotenthetsera madzi m'miyezi yotentha ngati Okutobala simuifuna kuno, madzi amafika okha pa madigiri 26 mpaka 28, pomwe mabakiteriya amaswana bwino. Mu Juni ndi Julaye mokha ndimo muyang'anepo.

Chachiwiri ndi chakudya cha mabakiteriyawo, chomwe ndi amoniya. Wa m'botolo wopanda zosakaniza ndi wovuta kumupeza, ndipo wotsukira m'nyumba uja nthawi zambiri amakhala ndi sopo. Khutchumulani botololo, likachita thovu losatha lisiyeni. Ine ndinachita zakwathu: usipa wauwisi uwiri, kuumanga m'kansalu koyera, kuulendeweretsa pafupi ndi fyuluta. Ukamavunda umatulutsa amoniya. Fungo lake mayi a kunyumba sanalikonde, ndinene zoona, koma linatha patapita masiku. Cholinga ndi chakuti amoniya afike pa 2 ppm (ppm ndi muyeso wa kuchuluka kwake m'madzi).

Mudziwa bwanji kuti wafika? Apa ndiye pali ndalama. Mufunika zoyezera madzi zamadontho (mumazidonthezera m'kachubu ka madzi a m'thanki n'kufananiza mtundu wake ndi tchati), monga za kampani ya API, zoyeza amoniya, nitrite ndi nitrate. Zanga ndinachita kutumiza mnzanga wopita ku Johannesburg, ndipo zinadya ndalama yoposa ya thumba la chimanga. Timapepala toviika tija n'totchipa koma timanama tikagwidwa chinyontho. Musamalenso ndi anyamata a pa Facebook ogulitsa timabotolo ta "mabakiteriya a pompopompo". Langa linafika litatenthedwa ndi dzuwa mu minibasi, deti yake yofufutika, ndipo silinasinthe kanthu.

Tsopano pamene ndinagwera ine. Sabata yachiwiri ikutha ndinayeza amoniya, madzi a mukachubu anasiya kubiriwira n'kukhala achikasu, kusonyeza ziro. Ndinasangalala ngati ndawina mpira. Kabotolo ka nitrite sindinakatsegule n'komwe, ndinkati n'kusunga madontho. Tsiku lomwelo ndinakatenga mbuna zija, zachikasu zokongola, n'kuziika. Tsiku loyamba zinkathamangitsana m'miyala. Lachitatu lake ndinazipeza zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, zikupuma mwabefu ngati madzi mulibe mpweya, chonsecho fyuluta ikuwira bwinobwino. Nditatsegula mopumira mwa imodzi yomwe inali itafa kale, m'malo mofiira munali mwa khofi. Ndi mmene nitrite amaphera: amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, nsomba n'kubanika ili m'madzi abwino m'maso. Nditayeza nitrite, kachubu kanasanduka kapepo kwambiri dontho lomaliza lisanagwe.

Chimene sindinadziwe n'chakuti amoniya akafika pa ziro ndiye kuti mwangofika pakati pa ulendo. Mabakiteriya oyamba amakhala agwira ntchito yawo, nitrite wadzaza thanki, pomwe achiwiri aja, omwe amachedwa kuswana, sanakwane. Gawo limeneli ndi lotalika kuposa loyamba ndipo limatopetsa. Ulendo wachiwiri kachubu kanga kanakhala kapepo masabata atatu osasuntha, mpaka ndinkaganiza kuti madonthowo aonongeka. Vuto linalinso langa, ndinkaonjezera usipa tsiku ndi tsiku poopa kuti mabakiteriya afa ndi njala, nitrite n'kumangokwera kupitirira pamene tchati chimathera. Nditachotsa theka la madzi n'kuchepetsa chakudyacho kuti ndiziika pakadutsa masiku awiri kapena atatu, m'mawa wina ndinangopeza kachubu kali kabuluu koyera ngati kumwamba kwa mu Seputembala. Nitrite anali atafika pa ziro, amagwa mwadzidzidzi choncho.

M'masabata amenewa magetsi akazima kwa maola ambiri, mabakiteriya a mufyuluta yotsekeka amasowa mpweya. Tulutsani siponjiyo muiike m'thanki momwemo, ndipo ngati mungathe gulani kapampu ka mpweya koyendera mabatire. Siponji musaitsukire pampopi. Ifinyireni m'ndowa ya madzi ochokera m'thankimo.

Njira yachidule ilipo imodzi yokha yomwe ndaiona ikugwira: kupempha chidutswa cha siponji yakale kwa munthu amene thanki yake yakhala nthawi ndi nsomba zathanzi. Chinyamuleni chili chonyowa m'kajumbo, muchiike mufyuluta yanu tsiku lomwelo. Masabata amachepa ndithu, koma kuyeza musasiye.

Zotsalazo n'zosavuta. Kwezaninso amoniya afike pa 2 ppm, dikirani maola 24. Amoniya ndi nitrite onse akakhala pa ziro, nitrate n'kuoneka, thanki yapsa. Chotsani kansalu kaja, sinthani madzi ambiri kuti nitrate atsike pansi pa 20 ppm, kolorini osamuiwala. Ikani nsomba pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, zochepa kaye, ndipo sabata yoyamba muziyeza tsiku lililonse.

Za kogula nsombazo, musatengeke ndi munthu wokubweretserani mbuna m'chidebe kuchokera ku Cape Maclear. Madzi ozungulira zilumba za kumeneko ali mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kugwira nsomba m'menemo n'koletsedwa. Funani zoswedwera m'thanki, sizivutanso kudya chakudya chogula.