Kufunsa eni nthaka khasu lisanalowe pansi

Chilimwe chino ndayendera magulu angapo ofukula zinthu zakale, ndipo cholakwa chimene ndachipeza ndi chomwe chija timachinena chaka ndi chaka. Gulu limafika pamalo litamaliza kale kukonza zonse, chilolezo cha boma chili m'chikwama, maenje atajambulidwa kale pamapu, ndipo ndi pamenepo limakumbukira kuti bwinjalo lili ndi eni ake amene makolo awo anagona momwemo. Limaitanitsa msonkhano umodzi, kulemba anyamata angapo ganyu yokumba ndi kusefa dothi, kenako m'lipoti n'kulembamo kuti ntchitoyo inagwiridwa mogwirizana ndi eni nthaka. Munthu amene mwamuuza zinthu mutagamula kale simunamufunse, ndipo iye amadziwa zimenezo ngakhale akuombereni m'manja pamsonkhanopo.

Chizolowezi chimenechi n'chakale, ndipo mtengo wake ndi wodziwika kwa aliyense amene anaphunzira ntchitoyi, choncho zimandidabwitsa kuti tikuchikakamirabe. Mu 1996 anyamata awiri anapeza chigaza m'mphepete mwa mtsinje wa Columbia ku Kennewick, m'dziko la America. Mitundu ya eni nthaka monga Umatilla, Yakama, Nez Perce ndi Colville inapempha kuti munthuyo aikidwenso m'manda potsatira lamulo la NAGPRA la 1990, lonena za kuteteza manda a eni nthaka ndi kuwabwezera mafupa a makolo awo, koma akatswiri asanu ndi atatu anakasuma kukhoti, ndipo mu 2004 khoti linagamula mokomera akatswiriwo. Patapita zaka, mu 2015, kuyeza kwa DNA kunasonyeza zimene mitundu ija inkanena kuyambira pachiyambi, kuti munthuyo anali wamtundu wawo, ndipo a Colville ndiwo anavomera kupereka DNA yawo kuti ifananitsidwe. Mafupawo anaikidwa m'manda mu 2017, patatha zaka zoposa 20 za milandu ndi chidani. Ku Australia nako, mafupa a munthu wakalekale wotchedwa Mungo Man amene anapezeka mu 1974 anatengedwa kupita ku Canberra eni ake asanafunsidwe, ndipo anabwezedwa patapita zaka 43.

Koma chimene chimatayika kwambiri sichilembedwa m'mabuku a khoti. Masabata apitawa mlimi wina wachikulire anandiitanira pambali n'kundionetsa kachigawo ka m'munda mwake kamene amakasiya kosalima, udzu utamera mozungulira ngati chisa. Anandiuza kuti zaka zapitazo khasu lake linagunda mbiya yokhala ndi mikanda ndi mafupa, ndipo iye mwaulemu anakanena. Anthu anabwera ndi galimoto, anajambula zithunzi, anakulunga mbiyayo n'kupita nayo. "Bambo," iye anatero, "mpaka lero palibe amene anabwera kudzatiuza kuti agogo athu aja anawasunga kuti. Yachiwiriyi ndaikwirira ndekha, ndipo sindidzauzanso munthu." Sindinamufunse kuti m'mbiya yachiwiriyo muli chiyani, chifukwa ndinaona kuti ufulu wofunsa tinauwononga tokha. Alimi, abusa a ziweto ndi alenje ndiwo amayamba kuona mapale, mikanda ndi zojambula za m'mapanga, ndipo akatseka pakamwa, katswiri amangoyendayenda ndi mapu ake pamwamba pa zinthu zimene mwana aliyense wa pamalopo akanamulozera.

Ena amati kufunsa kumachedwetsa ntchito ndipo ndalama za kafukufuku zimakhala ndi nthawi yake. Anthu oterewa akawerenge za Ozette, mudzi wakale wa m'mphepete mwa nyanja m'dziko la America. Mu 1970 mafunde a nyanja atavundukula nyumba zamatabwa zimene zinakwiririka ndi matope zaka mazana angapo zapitazo, anthu a mtundu wa Makah ndiwo anaitana Richard Daugherty, katswiri wofukula zinthu zakale wa ku Washington State University. Ntchitoyo inatenga zaka 11 ndipo inatulutsa zinthu zoposa 55,000. Achinyamata a mtunduwo ankakumba nawo, akuluakulu ankatchula mayina ndi ntchito za zipangizo zimene akatswiri sakanazizindikira paokha, ndipo zonsezo zinatsala kwawo, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene a Makah anatsegula ku Neah Bay mu 1979.

Zoyenera kuchita n'zosavuta, ndipo sindizitalikitsa. Pitani kwa eni nthaka musanalembe pempho la ndalama, kuti mafunso awo alowe nawo m'kafukufukuyo, ndipo musakhutire ndi mtsogoleri mmodzi pamene amayi ndi osunga malo opatulika sanamve kanthu. Chikalata cha United Nations cha 2007 chonena za ufulu wa eni nthaka chimafuna kuti chilolezo chiperekedwe mwaufulu, ntchito isanayambe, anthu atauzidwa zonse, kutanthauza kuti angathenso kukana. Lembani pangano lonena kumene zofukulidwa zidzasungidwe, amene adzaloledwe kuona zithunzi, ndiponso ngati fupa lililonse lingayezedwe. Mukagunda manda, imitsani ntchito nthawi yomweyo, phimbani, ndipo aitaneni musanakhudze kanthu. Akuluakulu amene akukupatsani nzeru alipireni monga akatswiri anzanu, ndipo lipoti likatha mubwerere nalo nokha, mukaliwerenge pamaso pawo m'chilankhulo chawo lisanasindikizidwe.