Momwe mungasankhire kachikwama ka kumahandulo a njinga osawononga ndalama zambiri

Kuno ku Chipata palibe amene angatiphunzitse kumanga katundu panjinga. M'tauni muno ndi momwe kampani ya Luangwa Industries inkapangira njinga za Eagle, ndipo thumba la makala timalimanga pakaliyala ndi legeni osaganizira kawiri. Vuto limabwera pa tinthu ting'onoting'ono. Tsiku lina ndikuchokera kumudzi, foni yanga idatuluka m'thumba la buluku ndikutsetsereka panjira ya miyala, galasi lonse kuphwanyika. Kuyambira pomwepo sindiyenda ulendo wa tsiku lonse, kaya wa ku Mwami kaya wa ku Mtenguleni, popanda kachikwama kutsogolo.

Musanapite kumsika, yalani pamphasa zonse zimene mumanyamula. Zanga ndi foni, chitupa cha unzika (NRC), ndalama, sipana, zigamba ndi soloshoni, chubu chapadera, ndi mtedza wokazinga wodya m'njira. Zimenezi zimakwana m'kachikwama ka malita 2 mpaka 4. Musakopeke ndi chachikulu poganiza kuti mwapindula. Botolo la madzi la lita imodzi limalemera kilo imodzi, ndipo katundu akachuluka kutsogolo mahandulo amalemera, njinga imakukanirani pokhota. Madzi, pampu ndi jekete zipite kukaliyala.

Kenako yang'anani njinga yanuyo. Ngati ili ndi mabuleki a zitsulo ngati Eagle zakale, zogwirira zake zimadutsa pansi pa mahandulo ndipo chingwe cha chikwama chikazipana buleki sigwira. Ngati ndi ya magiya, nthambo zake zisapindike. Belu ndi nyali nazo zisatsekeke. Pakati pa chikwama chodzaza ndi tayala pazitsala mpata wa zala zinayi, apo ayi pa bampu iliyonse chizikhula tayala mpaka kubooka.

Tsopano chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse: pomangira. Kachikwama kabwino kamamangidwa malo atatu, zingwe ziwiri kumahandulo ndi chachitatu kuchitsulo chotsika kufoloko. Cha zingwe ziwiri zokha chimalendewera ndi kumenya njinga ulendo wonse, zinthu zamkati n'kumagundana. Zingwe zomata zija zimagwira bwino zikadali zatsopano, koma fumbi ndi chisoso zikalowamo zimayamba kumasuka zokha. Ndimakonda za bakolo, chifukwa mumakoka mpaka zitathina ndipo zimakhala pomwepo.

Kumsika pitani ndi njinga yomweyo, ndipo pemphani wogulitsa kuti muyese kumangirira. Musangoyang'ana m'mashopu a zida za njinga okha. Pa salaula ku Kapata mumapezeka tizikwama ta m'chiuno ndi ta makamera ta nsalu yolimba, nthawi zambiri totchipa kuposa tatsopano. Mukapeza kotere, pitani nako kwa telala kapena kwa osoka nsapato akusokereni zingwe zitatu kumbuyo. Auzeni kuti, “Bambo, apa mubwereze kusoka kawiri,” chifukwa pamene chingwe chakumana ndi nsalu ndi pomwe pamayamba kung'ambika. Kanga ndidakapeza motero, ndipo mkati ndidaikamo kapulasitiki kolimba kodula kuchigubu kuti kasamafwapike.

Zipi muitsegule ndi kuitseka kangapo ndi dzanja limodzi. Ikakodwa pamsika, m'fumbi idzakanirira. Nsalu muiyang'anitse kudzuwa: kuwala kukamadutsa kwambiri, isiyeni.

Za mvula ndinene mosabisa. Tizikwama totchipa tambiri timalembedwa kuti sitilowa madzi, koma mvula yathu ya Disembala mpaka Febuluwale imalowera pazipi ndi m'misoko. Musalipire ndalama zowonjezera chifukwa cha mawu amenewo. Foni ndi NRC muziike m'kapepala ka pulasitiki, mumange, ndiye muike m'chikwama. Palinso tina tokhala ndi kathumba koonekera pamwamba koikamo foni. Ndi dzuwa la Okutobala foni imatentha m'menemo mpaka kuzima yokha, choncho ibiseni mkati.

Mukamanga, ikanimo katundu yense, zolemera pansi, chubu chikulungeni m'kansalu kuti sipana isachiboole. Khotetsani mahandulo mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto, gwirani mabuleki onse, kenako palasani pamsewu wa mabampu. Mukamva kugogoda, thinitsani chingwe chachitatu chija. Yesaninso kumasula: kazichoka msanga, kuti mukaimika njinga pagolosale kapena kutchalitchi muzikatenga m'manja polowa.