Pogawa ma power, ma index amachotsedwa, sagawidwa

Ndikamachonga makope a masamu a ophunzira anga, cholakwa chimene sichisowa ndi ichi: x⁸ ÷ x² = x⁴. Mwana waona chizindikiro chogawa, basi wagawa chilichonse chimene chili pafupi, 8 ndi 2 yomwe. Yankho loona ndi x⁶, ndipo simufunika kundikhulupirira ine kuti muvomereze. Tengani pensulo tiyendere limodzi.

Mu x⁸, chilembo x ndi base, kanambala kali pamwambako ndi index, ndipo x⁸ yonseyo ndi power. Kanambalako sikachulukitsa x, kamangowerenga kuti ma x amene achulukitsana alipo angati. Ndi njira yofupikitsa kulemba chabe. Amene anaifalitsa ndi René Descartes wa ku France m'chaka cha 1637, ngakhale iye mwini nthawi zambiri ankalembabe aa m'malo mwa a².

Tsono lembani samuyo motalika, ngati fulakishoni. Pamwamba pa mzere ikani ma x asanu ndi atatu, pansi ikani awiri. Khwatchani x mmodzi pamwamba ndi mmodzi pansi, kenaka bwerezani. Pansi atha, pamwamba atsala asanu ndi mmodzi. Mwachotsa 2 pa 8. Lamulo lonse lagona pamenepa: ngati base ili imodzi, isungeni momwe ilili, ndipo index ya pansi muichotse pa index ya pamwamba. Ine sindilola mwana kuloweza lamuloli asanakhwatche ma x ndi dzanja lake, chifukwa zoloweza zimathawa m'chipinda cha mayeso.

Pali samu imodzi imene imanamiza anthu: x⁴ ÷ x². Mukachotsa mupeza x², mukagawa mupezanso x². Wogawa ma index amachongedwa kuti wakhoza, nkumapita ndi chizolowezi chake choipacho mpaka ku Fomu 4. Aphunzitsi anzanga, chitsanzo ichi tisamayambire.

Nambala zazikulu za kutsogolo kwa zilembo zili ndi khalidwe lina. Izo ndiye timagawadi. Onani 12a⁵b³ ÷ 4a²b. Yambani ndi nambala: 12 kugawa ndi 4 ndi 3, osati 8. Kenaka a ndi a mnzake: 5 kuchotsa 2, tipeza a³. Kenaka b ndi b mnzake. Apa chenjerani, b wopanda kanambala pamwamba ali ndi index 1 yosalembedwa, osati ziro. Ndiye 3 kuchotsa 1, tipeza b². Yankho ndi 3a³b². Zilembo zosiyana sizilowererana, monga momwe wogulitsa pa msika sangachotse mulu wa tomato pa mulu wa anyezi. Mukapatsidwa a⁵ ÷ b², palibe chochotsa, isiyeni choncho.

Nanga ma index akafanana? Tengani y⁵ ÷ y⁵. Lamulo likutipatsa y⁰. Koma chinthu chilichonse mukachigawa ndi icho chomwe mumapeza 1, monga 32 kugawa ndi 32. Nchifukwa chake y⁰ ndi 1, osati ziro, bola y asakhale ziro, poti kugawa ndi ziro sikutheka. Ana ambiri amaganiza kuti mfundo imeneyi munthu wina anangoipeka. Ayi, yabadwa kuchokera m'lamulo lomwelija.

Index ya pansi ikakula kuposa ya pamwamba, musachite mantha ndi mainasi. Pa x² ÷ x⁴, 2 kuchotsa 4 ndi −2, yankho x⁻². Mukalemba motalika nkukhwatcha, pamwamba patsala 1, pansi patsala ma x awiri, kutanthauza 1/x². Mayankho awiriwa ndi amodzi. Mainasi ya pa index sikunena kuti nambalayo yatsika pansi pa ziro, ikungonena kuti chilembocho malo ake ndi pansi pa mzere. Mwachitsanzo 2⁻³ ndi 1/8, osati −8. Funso likanena kuti yankho likhale ndi ma index opanda mainasi, tsitsani chilembocho pansi. Choncho 6x²y⁵ ÷ 15x⁴y⁵ isanduka 2/(5x²): 6 ndi 15 zonse zagawika ndi 3, ma y athana, ma x awiri atsalira pansi.

Pamene ambiri amagwa ndi pomwe index ya pansi ili kale ndi mainasi, monga x³ ÷ x⁻². Lembani sitepe ya pakati, musaidumphe: 3 − (−2). Kuchotsa mainasi ndi kuphatikiza, ndiye tipeza x⁵. Wothamanga amalemba x¹. Sitepe imeneyi muziilemba ngakhale pa mayeso a MANEB, kuti wochonga aone njira yanu, si yankho lokha.

Nthawi zina ma base amaoneka osiyana koma ali pachibale. Pa 8² ÷ 2³, kumbukirani kuti 8 ndi 2³, ndiye 8² ndi 2³ × 2³, yomwe ndi 2⁶. Tsopano base ndi imodzi, 6 kuchotsa 3, yankho 2³, yomwe ndi 8. Ndi zoonadi, 64 kugawa ndi 8 ndi 8. Ma power a 2, 3 ndi 5 muziwadziwa pamtima: 4, 8, 16, 32, 64, kenaka 9, 27, 81, ndi 25, 125.

Pamwamba pakakhala kuphatikiza, monga (x⁵ + x³) ÷ x², chigawo chilichonse chigawidwe pachokha. Tipeza x³ + x. Kukhwatcha x² pa chigawo chimodzi nkusiya chinacho ndi kuphwanya samu.

Mukakayika yankho, ikani nambala m'malo mwa chilembo. Musasankhe 1, chifukwa 1 amakhalabe 1 pa index iliyonse ndipo amavomereza ngakhale bodza. Sankhani 2 kapena 3. Yesani pa (x⁵ + x³) ÷ x² ndi x = 2: pamwamba 32 kuphatikiza 8 ndi 40, kugawa ndi 4, tipeza 10. Yankho lathu x³ + x likupatsa 8 kuphatikiza 2, yomwenso ndi 10.