Woimba akanena za inshuwalansi, agogo azidula foni

Amene muli ndi makolo okalamba ku Ulóngwe, Tsangano kapena Furancungo, chenjerani ndi anthu oimba foni n'kumati ndi a inshuwalansi ya zaumoyo. Amanena kuti khadi yatha ntchito, kapena kuti agogo asankhidwa kulandira mankhwala a BP aulere, bola atumize kaye ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola lero lomwe. Ena amangofuna nambala ya BI (chitupa cha unzika) ndi PIN.

Kwathu tidalemba pa kapepala mawu oti amayi aziyankha: "Za ndalama amaona ndi mwana wanga, ndimuuza akuimbireni." Akatero adule basi, kaya woimbayo ndi waulemu chotani. Kapepalako tidamata kuseri kwa foni. M'fonimo timasiyamo ndalama zochepa, za sopo ndi mchere, zina amasunga mlongo wanga.

Zimathandiza chifukwa akubawa amadalira kum'fulumizitsa munthu, ndipo akuluakulu athu amaona ngati kudula foni munthu akulankhula ndi mwano. Mukawapatsiratu choyankha, manyazi aja amatha. PIN yokha asauze aliyense, ngakhale wa pamalo potapira ndalama. Ngati inshuwalansiyo alinayodi, inuyo imbani nambala yolembedwa pa mapepala ake mufunse.