Musanagule Notgeld, imvani zimene zinandigwera ine

Abale anga amene mwafika kumene kuno ku Germany, mukapita ku Flohmarkt (msika wa kaunjika) kukasaka jekete yotchipa, mudzaona timapepala tokongola tolembedwa 25, 50 kapena 75 Pfennig. Eni ake amati Notgeld, kutanthauza ndalama za nthawi ya mavuto. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi itatha, makobidi anasowa chifukwa zitsulo zinapita ku zida, ndipo a siliva anthu anawabisa m'nyumba. Ndiye mizinda ndi makampani anayamba kudinda ndalama zawozawo kuti chenji chizipezeka.

Kogula n'kosasowa: pa Flohmarkt pomwepo, pa eBay, kapena m'sitolo ya ndalama zakale.

Ine ndinagwa m'manja mwa bambo wina wodzitcha ejenti wa osonkhanitsa zinthu zakale. Waulemu wake, mpaka khofi anandigulira. Anatsegula alubamu ya timapepala 200, toyera ngati tadindidwa dzulo, nati zaka 100 zapita koma palibe n'kamodzi komwe kopindika, ndikasunga zaka ziwiri ndigulitsa kuwirikiza katatu. Ndinapereka mayuro 380, ndalama ya malata a nyumba ya amayi ku Dedza. Risiti sindinafunse. Ndinachita manyazi, poti munthu anali atandimwetsa khofi.

Patatha mwezi ndinapita nayo kusitolo. Mayi wachikulire anangoivundukula mwachangu nati, mayuro 40, ndipo n'chifundo chabe. Anandiuza kuti zimenezi ndi Serienscheine, zimene mizinda inkadinda cha m'ma 1920 mpaka 1922 itaona kuti anthu akuzikonda. Zinkapita molunjika m'maalubamu, pamsika sizinkafika, mpaka boma linaletsa kudinda mu Julaye 1922. Kuyera kumene kunandikopa ine ndiye kunali chizindikiro choti n'zambirimbiri. Foni ya bambo uja? Mpaka lero sikupezeka. Popanda risiti kapena dzina lake lenileni, ndikanakadandaula kwa yani?

Tsono tamverani. Musanyengedwe ndi maziro. Mu Novembala 1923 ndalama ya ku Germany, mamaki, inatha mphamvu moti dola imodzi inkagula mamaki 4.2 thililiyoni, choncho pepala la mabiliyoni si chuma. Amene munakhalako ku Harare mukudziwa kale. Musadzivute kupita nazo ku Bundesbank, banki yaikulu ya dziko lino, kumeneko amasintha D-Mark basi, ndalama imene inkagwira ntchito yuro isanabwere. Wina akakutchulirani za Notgeld za nsalu za ku Bielefeld kapena zadothi za ku Meissen, zilipodi, koma yang'anani kaye m'katalogi, buku la mitengo ya ndalama zakale, musanatulutse chikwama. Ndipo chonde, asakuuzeni kuti imeneyi ndi bizinesi. Mwamva?

Ngati mwazikonda chabe, gulani kamodzikamodzi, ta yuro imodzi kapena awiri, makamaka ta mzinda umene mukukhala. Musasunge ku Keller, chipinda chapansi pa nyumba, chinyezi cha kumeneko chimabweretsa nkhungu, ndipo pewani mapulasitiki ofewa a PVC.

Alubamu yanga idakali pansi pa bedi. Malata amayi anadikira mpaka dzinja linalo.