Kalukidwe ka chikwama chaukonde ndi ulusi wa thonje

Pezani ulusi wa thonje wokwana magalamu 100 ndi singano yolukira yokhala ndi ngowe (ya crochet) ya mamilimita 4. Yambirani pansi: lukani kabwalo ka double crochet 12 (masititchi aatali, omwe mumayamba mwakulunga ulusi pa singano musanailowetse), ndipo muziwonjezera 12 pa mzere uliwonse mpaka m'mimba mwake mutakwana masentimita 15. Mukapanda kuwonjezera, kamapindika ngati mbale.

Tsopano ukonde. Lukani matcheni 5 (timasititchi tolumikizana ngati unyolo), dumphani malo awiri, kolani ndi single crochet (sititchi yaifupi), kuzungulira bwalo lonse. Mizere yotsatirayo muzikola pakati pa bowo la mzere wapansi. Lekezani pa masentimita 25 basi, poti mukaikamo tomato ndi anyezi chikwamacho chimatalika chokha.

Pakamwa pake, single crochet zitatu m'bowo lililonse, mizere inayi. Zogwirira zikhale zazifupi, zotakata ndi zothinana. Zamatcheni okhaokha zimatamuka msanga ndipo zimapweteka paphewa.